Mmene mungapezere chilolezo chodula mitengo pa claim ya mgodi ku America

Vuto limayamba tsiku lomwe munthu wafika pa claim yake ndi zida. Mapepala analembetsa, ndalama analipira, zikhomo anakhoma m'ngodya zonse, koma pamalo penipeni pomwe akufuna kukumba ngalande yoyesera golide paima mitengo ya paini. Maganizo akumudzi amabwera msanga: munda ndi wanga, nanga mtengo womera m'mundamo ndikafunsenso kwa yani? Chainsaw ilira. Pakatha milungu ingapo wa zankhalango adutsa, awerenga zitsa, ndipo nkhani ya golide ija isanduka ya kukhoti.

Ku United States claim si munda. Ndi ufulu wofufuza ndi kukumba miyala ya mtengo wapatali pa nthaka ya boma, basi. Nthakayo imakhalabe ya boma, mitengo yomerapo ndi ya bomanso. Lamulo la pa 23 July 1955, lotchedwa Surface Resources Act, limalola wokumba kudula mtengo pokhapokha ntchito ya mgodiyo ikuufunadi. Ndiye ntchito yanu yonse ndi yosonyeza papepala, chainsaw isanalire, kuti mtengo uwu ndi uwo ukutchingadi ntchito kapena ukufunika pa ntchitoyo.

Malangizowa akunena za ma claim a pa nthaka ya boma lalikulu, omwe amapezeka kwambiri m'zigawo za kumadzulo monga Idaho, Montana, Nevada, Oregon, California, Arizona ndi Alaska. Abale athu okhala kumeneko dziwani kuti wotenga claim ayenera kukhala nzika ya dzikolo, kapena munthu amene analengeza mwalamulo kuti akufuna kukhala nzika, kapenanso kampani yolembetsedwa konko. Koma malamulo a mitengo amagwira aliyense wogwira ntchito pamalopo, ngakhale claim ili ya mnzanu ndipo inu mwangobwera kudzathandiza pa Loweruka.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Nambala ya claim yomwe a Bureau of Land Management, mwachidule BLM, ofesi ya boma lalikulu yoyang'anira nthaka, anakupatsani, ndi kope la chikalata cholembetsera ku county, lomwe ndi dera laling'ono mkati mwa chigawo
- Lisiti yosonyeza kuti ndalama za chaka chino zinalipiridwa
- Mapu a malowo osonyeza mapiri ndi makwawa, omwe mungajambulepo ndi pensulo
- GPS kapena foni yokhala ndi mapu ogwira ntchito popanda netiweki, chifukwa m'mapiri ambiri foni sigwira
- Tepi yoyezera
- Riboni ya pulasitiki ya mtundu wowala ndi cholembera chosafufutika
- Kope lolembamo ndi kamera ya pafoni
- Kalendala, yoti muzilembapo tsiku lomwe kalata iliyonse yapita ndi lomwe yalandiridwa

Penti musatenge. Chifukwa chake chili pa sitepe 4.

1. Dziwani mwini nthaka yomwe claim yanu yakhalapo

Ma claim onse a boma lalikulu amalembetsedwa ku BLM, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokera, poganiza kuti BLM ndiyonso iyankhe za mitengo. Ayi. Za pamwamba pa nthaka zimayankhidwa ndi yemwe akuyang'anira nthakayo.

Ngati claim ili m'nkhalango ya National Forest, munthu wanu ndi District Ranger, mkulu wa dera limenelo ku Forest Service, nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango, ndipo malamulo ake ali pa 36 CFR 228, gawo A (CFR ndi buku la malamulo a maofesi a boma lalikulu). Ngati ili pa nthaka ya BLM, pitani ku Field Office ya deralo, ndipo malamulo ake ali pa 43 CFR 3809. Lowani pa intaneti mu Mineral and Land Records System ya BLM, lembani nambala ya claim, muone pomwe yagwera, kenaka yerekezani ndi mapu osonyeza umwini wa nthaka. Claim imodzi ingathe kudutsa malire, theka uku theka uko. Zikatero maofesi ndi awiri, makalatanso awiri.

Pali mitundu ina yomwe njira yake ndi yosiyana. Claim ya patent ndi malo a munthu payekha, mitengo ndi yake, ndipo amatsata malamulo a zankhalango a chigawo chake. Koma boma linasiya kulandira mapempho atsopano a patent kuyambira mu 1994, choncho claim yomwe mwagula motchipa pa intaneti pafupifupi nthawi zonse ndi yopanda patent, ngakhale wogulitsayo anaika zithunzi za mitengo yokongola n'kulemba kuti maekala 20. Palinso malo omwe pamwamba ndi pa mlimi wa ng'ombe pomwe miyala ya pansi ndi ya boma, motsata lamulo la 1916 la Stock Raising Homestead Act. Pamenepo mitengo ndi ya mlimiyo, ndipo mudzakambirana ndi iye. Ku Alaska ma claim ambiri ali pa nthaka ya chigawo, ndipo mapepala ake amapita ku Department of Natural Resources ya chigawocho.

*Chenjezo:* kumadzulo kwa Oregon kuli nthaka yotchedwa O&C, yomwe ili m'ma county 18. Kumeneko lamulo ndi lolimba kuposa kwina: ngakhale mtengo ukhale wofunika pa mgodi, muyenera kulemba pempho ku BLM ndi kulandira chilolezo cholembedwa musanaudule. Onani 43 CFR 3821.4.

2. Onetsetsani kuti claim yanu ili moyo

Ndalama zosungira claim zimalipiridwa chaka ndi chaka pofika pa 1 September. Mu 2024 zinakwera kufika pa madola 200 pa claim iliyonse ya lode (ya mtsempha wa m'thanthwe), ndi madola 200 pa maekala 20 aliwonse a claim ya placer (ya m'mchenga ndi timiyala). Amene ali ndi ma claim osapitirira 10 angapemphe kuti asalipire, m'malo mwake n'kugwira ntchito yokwana madola 100 pa claim iliyonse ndi kupereka umboni wake. Mukaphonya tsikulo claim imafa yokha mwalamulo, popanda wokuimbirani foni. Wodula mtengo pa claim yakufa alibe poyambira kudziteteza.

3. Mtengo uliwonse ukhale ndi chifukwa chake

Lamulo la 1955 lija lili ndi zifukwa zowerengeka zodulira mtengo. Choyamba, mtengowo ukufunika pa ntchito yofufuza, yokumba kapena yoyenga miyala, monga michirikizo yogwiriziza denga la mgodi kapena khomo lake. Chachiwiri, ukufunika pomanga nyumba kapena chisakasa cha ntchito ya mgodiyo. Chachitatu, ukutchinga pomwe padutse ngalande, dzenje, msewu kapena poika makina. Kunja kwa izi, mtengo umadulidwa pokhapokha boma lavomereza mwapadera.

Zimene mulibemo zioneninso bwino. Kugulitsa zipika mulibemo. Kucheka matabwa okamangira khonde kunyumba kwanu mtauni mulibemo. Kudula kuti dzuwa lizifika pa tenti mulibemo. Nkhuni zodzaza galimoto zokaotha kunyumba m'nyengo yachisanu mulibemonso. Zimenezo zili ndi chilolezo chake cha nkhuni chomwe aliyense angatenge ku ofesi ya zankhalango, ndipo amayeza pa cord, womwe ndi mulu wa mafiti 4 m'lifupi, 4 msinkhu ndi 8 m'litali.

Nkhani ya nyumba ndiyo imakola ambiri. Munthu amamva kuti lamulo likulola mitengo yomangira, ayamba kusema zipika za kanyumba kokhalamo pa tchuthi. Koma nyumbayo payokha imafuna chilolezo. Pa nthaka ya BLM, kukhala pamalo masiku oposa 14 pa masiku 90 aliwonse kumawerengedwa ngati kukhazikika, ndipo muyenera kusonyeza kuti mgodi ukufunadi munthu wogona pomwepo. Nyumba isanavomerezedwe, mitengo yake ilibe chifukwa.

Mawu ena a m'lamuloli oti muwagwire: mtengo wodulira michirikizo kapena zomangira uyenera kudulidwa motsata kasamalidwe kabwino ka nkhalango. Tanthauzo lake n'lakuti simungosankha wowongoka kwambiri womwe uli pafupi ndi khomo la mgodi. Wa zankhalango angakulozereni ina patsogolo pang'ono, pomwe mitengo yathinana ndipo ikufunika kupatulira. Ine ndimati vomerani msanga. Kunyamula chipika mtunda wa mamita 100 n'kotchipa kuposa kukangana miyezi itatu.

4. Yendani pamalopo, werengani, yezani

Sitepe iyi ndi yomwe imasiyanitsa pempho loyenda ndi pempho logona m'dirowa. Yambani ndi ntchito, mitengo pambuyo. Khomani timitengo posonyeza m'mbali mwa ngalande, pomwe dothi lofukulidwa lidzaunjikidwe, pomwe makina adzatembenukire. Mukatero yang'anani mitengo yomwe yagwera mkati mwa mzerewo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti mukasuntha ngalande ndi mamita awiri, mitengo itatu ikuluikulu ipulumuka, ndipo pempho lanu lichepa kulemera.

Mtengo uliwonse wotsala umangireni riboni, lembani nambala pa riboniyo, kenaka m'kope lembani izi: nambala, mtundu wa mtengo, kukula kwake, ngati uli wauwisi kapena wouma, malo ake pa GPS, ndi chifukwa chake. Ujambuleni chithunzi riboni ikuoneka.

Kukula kumayezedwa pa msinkhu wa pachifuwa, mafiti 4.5 kuchokera pansi, omwe ndi mamita 1.37, mutaima kumtunda kwa mtengowo ngati malowo ndi otsetsereka. Zungulizani tepi, gawani nambalayo ndi 3.14. Mtengo wozungulira masentimita 94 ndiye kuti ndi wa masentimita 30 kupingasa, pafupifupi mainchesi 12. Lembani m'mainchesi, chifukwa ndi momwe a kumeneko amawerengera. Mtundu wa mtengo musangoti paini. Ponderosa pine, lodgepole pine, Douglas-fir ndi western redcedar mitengo yake pamsika ndi yosiyana kwambiri, ndipo whitebark pine wa m'mapiri ataliatali anaikidwa mu 2022 pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo. Ngati simukuudziwa, jambulani khungwa, masamba ndi zibalobalo zake, mukafunse.

*Chenjezo loyamba:* musapake penti pa mtengo. Penti ndi chizindikiro cha a Forest Service, ndipo 36 CFR 261.6 imaletsa kuika chizindikiro chofanana ndi chawo pa mtengo. Riboni imachoka, ndipo siisokoneza aliyense.

*Chenjezo lachiwiri:* mukaona mtengo wokhala ndi kachitsulo kokhomedwa, kapena bala lakale losemedwa lokhala ndi zilembo ndi manambala, usiyeni. Umenewo ndi mboni ya malire yomwe anasiya oyeza malo a boma, ndipo kuudula ndi mlandu pawokha pa 18 U.S.C. 1858 (U.S.C. ndi buku la malamulo a dzikolo), ngakhale ukhale wouma.

Mitengo youma yoimirira musaione ngati yaulere. Mbalame zogogoda mitengo, akadzidzi ndi mileme zimakhala m'mphako zake, ndipo a zankhalango amaisunga dala. Ngati wouma wina wapendekera pomwe muzigwira ntchito, ulembeni pa mndandanda ngati woopsa, ndi chithunzi chosonyeza kupendekerako.

5. Kaonaneni nawo musanalembe kalata

Imbani foni ku ofesi, funsani woyang'anira za migodi, yemwe nthawi zambiri amakhala katswiri wa miyala. Pemphani kukumana, mutenge mapu ndi kope lija. Funsani zinthu zinayi: ndi pepala liti lomwe ntchito yanu ikufuna, ndi miyezi iti yomwe kudula n'koletsedwa m'deralo, mtunda wotani kuchokera kumtsinje womwe salola kudula, ndipo zipika zikagwa akufuna zipite kuti. Funsaninso ngati malamulo asinthapo posachedwa, popeza amawakonzanso nthawi ndi nthawi. Safunsa anadya phula.

Koma zonena pakamwa zithere pa kukutsogolerani. Wogwira ntchito akati "mitengo ing'onoing'onoyo palibe vuto", muthokozeni, kenaka mutumizireni imelo yobwereza zomwe wanenazo ndi kupempha kuti ayankhe. Anthu amasamutsidwa, ndipo wobwera pambuyo adzangoona zitsa.

6. Lembani kalata yodziwitsa

Ku Forest Service kalatayi imatchedwa Notice of Intent. Ntchito zing'onozing'ono monga kusefa mchenga m'mbale kapena kutola miyala ndi nyundo sizifuna kalata. Lamulo limatchula zinthu ziwiri zomwe zimakuchotsani m'gulu la osafunika kulemba: makina okankha dothi monga katapila, ndi kudula mitengo. Choncho mukangofuna kudula, lembani.

Fomu yokakamiza palibe, kalata wamba ya m'Chingerezi imakwanira, bola ikhale ndi dzina ndi adiresi yanu, dzina ndi nambala ya claim, mapu osonyeza malo, ntchito yomwe mukufuna kugwira, njira yomwe mudzalowere, mtundu wa galimoto ndi makina, masiku oyamba ndi omaliza, ndi mndandanda wa mitengo uja.

Apa kalembedwe kamapulumutsa miyezi. Wolemba kuti "ndichotsa mitengo ingapo kuti ndipeze malo" wapempha mafunso. Wolemba kuti "ndidula mitengo 7 ya lodgepole pine ya mainchesi 6 mpaka 10, yomangidwa riboni ya buluu manambala 1 mpaka 7, yomwe ili pamzere wa ngalande ya mafiti 40, inayi ndichirikizira m'mbali mwa ngalandeyo, itatu ndiunjika pomwe mungandiuze" wayankha mafunso asanafunsidwe.

District Ranger ali ndi masiku 15 kuchokera tsiku lolandira kalata kuti akuuzeni ngati ntchitoyo ikufuna pulani yonse. Tumizani kalatayo m'njira yosiya umboni wa tsiku lolandira, kapena kaperekeni pamanja akudindireni kope lanu. Masiku 15 akadutsa kuli zii, musathamangire chainsaw. Imbani, lembaninso, mpaka yankho libwere papepala.

Ku BLM kuli magawo atatu. Casual use ndi ntchito ya zida za m'manja yosasiya bala looneka panthaka, ndipo sifuna kalata, koma kugwetsa mitengo yauwisi musakuike m'gawoli musanafunse. Notice ndi ya ntchito yofufuza yosokoneza maekala osapitirira 5, pafupifupi mahekitala awiri. Imaperekedwa masiku 15 ntchito isanayambe, imagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo simungayambe chikole chokonzera malo (onani sitepe 8) chisanalandiridwe. Plan of Operations ndi ya kukumba kwenikweni kopitirira casual use, kaya malowo ndi ochepa bwanji, ndi ya ntchito ya m'malo otetezedwa mwapadera.

7. Akati mulembe pulani yonse

Ranger akaona kuti ntchitoyo isokoneza kwambiri za pamwamba pa nthaka, adzafuna Plan of Operations. Ku Forest Service kuli fomu yake, FS-2800-5. Mudzalembamo zonse za m'kalata ija mozama, kuonjezapo momwe mudzatetezere madzi, momwe mudzasungire dothi la pamwamba, ndi momwe mudzakonzere malowo mukamaliza. Lamulo limapatsa ofesi masiku 30 oti iyankhe, ndipo ingaonjezere ena osapitirira 60 ikapereka chifukwa. Ntchito ikakhala yofuna kafukufuku wamkulu wa zachilengedwe, nthawi imatalika kuposa apa.

Chimene chimadya nthawi si mapepala, ndi anthu oti abwere kudzaona. Katswiri wa zinthu zakale ayenera kuyenda pamalopo, chifukwa lamulo la 1966 la National Historic Preservation Act limateteza malo a makolo a mitundu ya anthu oyamba kukhala ku America, komanso zotsala za okumba akale; kanyumba kogumuka ndi mulu wa zitini zadzimbiri zopitirira zaka 50 zingathe kuwerengedwa. Katswiri wa nyama ndi zomera naye ayenera kubwera. M'nkhalango za kumadzulo kwa Oregon, Washington ndi kumpoto kwa California muli kadzidzi wotchedwa northern spotted owl, wotetezedwa kuyambira 1990, ndipo pafupi ndi chisa chake phokoso la chainsaw limaletsedwa m'miyezi yoswana. Onsewa sangayende chipale chofewa chitakwirira nthaka. Wopereka pulani mu May akufuna kuyamba mu June wadzinamiza yekha. Perekani chaka chisanathe kuti ntchito ya chaka chamawa iyende.

Ngati ntchito ikukhudza mtsinje kapena dambo, palinso chilolezo cha US Army Corps of Engineers pa gawo 404 la Clean Water Act ndi cha ofesi ya zamadzi ya chigawo. Mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje ndiyo yovuta kwambiri kuvomerezedwa, chifukwa mthunzi wake ndi womwe umaziziritsa madzi a nsomba za salmon ndi trout. Okumba golide wa m'mchenga ntchito yawo imakhala pomwepo, ndiye konzani pulani yozemba mitengo imeneyi momwe mungathere.

8. Chikole, ndi funso la mwini zipika

Chikole ndi ndalama zomwe boma limasunga kuti mukathawa osakonza malo, lilembe kontrakitala akonze. Zimawerengedwa pa mtengo womwe boma lingalipire, osati pa thukuta lanu, n'chifukwa chake zimaoneka zambiri. Msewu uliwonse woonjezera, ekala iliyonse yoyeretsedwa, zimakweza chikolecho. Walira mvula walira matope.

Mtengo womwe mwadula chifukwa unatchinga susanduka wanu chifukwa wagwa. Ngati simuugwiritsa ntchito pamgodipo, ndi wa boma. Ofesi ingakuuzeni kuti muunjike zipikazo pambali pa msewu kuti izigulitse, kapena muzisiye pansi zizitchinga kukokoloka kwa dothi, kapena ingaziyeze n'kukugulitsani pa mtengo womwe yawerengera. Mukazigula mudzakhala ndi mapepala, ndipo pamenepo ndi pomwe zingakwere galimoto. Onetsetsani kuti zimenezi zalembedwa m'chilolezo, mtengo ndi mtengo ngati kungatheke.

Lamulo la 1955 lili ndi mbali ina yokomera wokumba yomwe ambiri saidziwa. Boma likagulitsa mitengo ya pa claim yanu inu mutalembetsa kale, kenaka mgodi n'kufuna mitengo yoposa yotsalayo, muli ndi ufulu wopatsidwa kwaulere mitengo yofanana mtundu ndi kuchuluka kuchokera pamalo apafupi omwe ofesiyo ikuyang'anira. Mukamva kuti kukubwera odula mitengo a kontrakiti m'dera lanu, lembani kalata yofotokoza mitengo yomwe mgodi udzafune.

9. Tsiku loika zizindikiro

Chilolezo chikatuluka, pemphani wa zankhalango abwere mudzayende limodzi. Iye ndiye apake penti pa mitengo yovomerezeka, kawirikawiri pachifuwa ndi patsinde. Penti ya patsinde isiyeni pa chitsa, ndiyo umboni wanu. Funsani tanthauzo la mtundu uliwonse, chifukwa penti ina imatanthauza dula, ina siya, ina malire. Werengani limodzi, lembani chiwerengero, jambulani.

10. Kudula

Kope la chilolezo likhale m'galimoto tsiku lililonse. M'mawa uliwonse funsani za chiopsezo cha moto. Ku Oregon ndi Washington kuli magawo anayi a malamulo opewera moto, otchedwa Industrial Fire Precaution Level: pa gawo lachiwiri chainsaw imazimitsidwa kuyambira 1 koloko masana mpaka 8 koloko usiku, ndipo pa gawo lachinayi ntchito yonse imaima. Chainsaw ikhale ndi kasefa kotchinga nthethe za moto ku ekizozi, ndipo fosholo ndi chozimitsira moto zikhale pafupi. Mukazimitsa makina khalani pamalopo mukuyang'ana utsi kwa nthawi yomwe chilolezo chanena. Woyambitsa moto angathe kulipitsidwa ndalama zozimitsira, ndipo ndege imodzi yothira madzi ingadye golide yense wa pa claim yanu.

Gwetsani mtengo molunjika pomwe payeretsedwe kale, kutali ndi mtsinje ndi mitengo yosadulidwa. Wogwa n'kuthyola mnzake wosavomerezeka wakubweretserani mlandu. Zikachitika jambulani, dziwitsani ofesi tsiku lomwelo, wothyokayo musaumalize nokha. Zitsa zikhale zazifupi monga chilolezo chanenera, kawirikawiri zosapitirira mainchesi 12 kumbali ya kumtunda. Nthambi mwina adzati muziduledule n'kuzimwaza pansi, mwina muziunjike. Za paini wauwisi musazisiye mulu pafupi ndi mitengo yamoyo m'miyezi yofunda, chifukwa zimaitana tizilombo toboola khungwa tomwe tikaswana timalowa m'mitengo yoimirira. Kutentha mulu kumafuna chilolezo china.

Ngati simunagwetsepo mtengo waukulu, lembani munthu wodziwa. Douglas-fir wamkulu pamalo otsetsereka si bulugamu wa kuseri kwa nyumba.

11. Konzani malo, tengani chikole

Ku Forest Service malo ayenera kukonzedwa pasanathe chaka ntchito itatha, pokhapokha ofesi itapereka nthawi yoonjezera. Kwirirani maenje, bwezerani dothi la pamwamba, fesani mbewu zomwe ofesi yavomereza, tsekani msewu monga munalonjezera. Kenaka lembani kalata yopempha kuti adzaone. Gawo lina la chikole lingasungidwe mpaka zomera zitagwira.

Akakukanani

Pemphani kuti chifukwa chilembedwe. Kawirikawiri kukanako kumakhala kwa mitengo ina, osati yonse, ndipo kusintha mapu kumathetsa nkhani. Ngati mukuona kuti alakwitsa, ku Forest Service apilo imaperekedwa pasanathe masiku 45 motsata 36 CFR 214. Ku BLM muli ndi masiku 30 opempha State Director, mkulu wa BLM wa chigawocho, kuti aunikenso, kapena opita ku Interior Board of Land Appeals, bwalo lomva ma apilo a za nthaka. Apilo ili mkati, mitengo iime.

Zolakwa zomwe zimabwerezedwa

*Kudalira chiganizo chimodzi cha lamulo.* Pa 18 U.S.C. 1852 pali mawu akuti lamulo loletsa kudula mitengo ya boma silitsekereza wokumba kuyeretsa malo pa ntchito yeniyeni ya mgodi wake. Anthu amawerenga pamenepo n'kutseka buku. Mawuwo sakuchotsa udindo wolemba kalata kapena pulani, ndipo amene wadula maekala awiri koma wakumba kadzenje kofika m'mawondo adzavutika kufotokozera woweruza kuti ntchito yeniyeniyo ili pati.

*Kupeputsa chilango.* M'nkhalango za Forest Service, kudula popanda chilolezo kungakufikitseni pa chindapusa cha madola 5,000, kapena miyezi 6 m'ndende, kapena zonse ziwiri. Pa nthaka ya BLM mumalipira mtengo wa mitengoyo kuwirikiza kawiri ngati munalakwitsa mosadziwa, katatu ngati munachita dala, kuonjezapo ndalama zokonzera malo ndi za ofesi.

*Kuonjezera ntchito mwakachetechete.* Chilolezo chinali cha mitengo 7, mtsempha wa golide wakhotera kumanzere, mwadula ina itatu. Itatuyo ilibe chilolezo. Imani, lembani pempho losintha pulani, dikirani.

*Kuiwala mitengo ya m'njira.* Msewu wopita ku claim nthawi zambiri umadutsa kunja kwa malire a claim, ndipo kumeneko mulibe ufulu uliwonse pa mitengo. Kukulitsa kanjira kakale kuti ekisikaveta idutse kuyenera kulembedwa m'pulani ndi mitengo yake yomwe.

*Kugula claim n'kuganiza kuti mapepala a mwini wakale ndi anu.* Pulani ndi chikole zili m'dzina la munthu. Dziwitsani ofesi za kusintha kwa umwini, ndipo musanasaine chilichonse jambulani zitsa zonse zomwe mwazipeza, tsiku likuoneka pa chithunzi.

*Kupatsa mnansi zipika.* Kugulitsa n'koletsedwa, ndipo kusinthanitsa ndi mafuta a dizilo kapena ndi tsiku limodzi la katapila wake ndi kugulitsa komweko. Chipika chochoka pa claim chopanda pepala, woyamba kufunsidwa ndi amene dzina lake lili pa chikhomo cha pangodya.